Wodwala matumbo tisamulande mbale

Mwa miyambo yonse imene makolo athu anatisiyira, palibe umene tausunga mokhulupirika koposa ulemu wa pa chakudya; pakuti ngakhale tinachoka kumudzi n'kudzakhala m'nyumba za mipanda ku Area 10, ku Area 12 ndi ku Area 43, ngakhale mtondo ndi munsi tinasiyira agogo ndipo ufa wathu tsopano umadza m'mapaketi, lamulo lakale lija likadali chilili, lakuti mlendo safunsidwa ngati ali ndi njala, ndipo munthu wopatsidwa nsima sabweza mbale. Lamulo limeneli ndi lokoma, ndipo sindifuna kuti lithe. Komatu mumzinda uno wa Lilongwe muli anthu, ambiri a iwo achinyamata amene angoyamba kumene ntchito ndi mabanja, amene madzi osamba m'manja akaikidwa pamaso pawo mtima umayamba kuthamanga, podziwa kuti mbamu iliyonse imene ameze adzailipira ndi kupotokola kwa m'mimba ndi maulendo a kuseri; ndipo anthu amenewa, amene katundu wawo ndi wolemera kale, ife timawasenzetsa wina ndi ulemu wathu ndi malangizo athu. Ndiwo amene ndifuna kuwalankhulira lero.

Nthenda imene ndikunena si kutsegula m'mimba kwa masiku awiri kumene kumadza ndi madzi a pachitsime, ndiponso si zilonda za m'mimba zimene anthu amadandaula nazo akamva kutentha pamtima. Ndi kutupa kwa matumbo kokhalitsa, kumene kumadza pamene chitetezo cha m'thupi, chimene Mlengi anachiika kuti chizilimbana ndi adani ochokera kunja, chatembenukira matumbo a mwini wake n'kumawatupitsa ndi kuwachita zilonda. Madokotala amaigawa pawiri. Ina amaitcha ulcerative colitis, imene imagwira thumbo lalikulu lokha, kuyambira kumapeto kwake kukwera m'mwamba, ndipo dokotala wa ku London, Samuel Wilks, anailongosola mu 1859. Inzake inatenga dzina la Burrill Crohn, amene pamodzi ndi anzake awiri anailemba mu 1932 ali pa chipatala cha Mount Sinai ku New York. Imeneyi itha kubuka paliponse kuyambira m'kamwa kufikira kotulukira chimbudzi, imadya khoma lonse la thumbo, ndipo nthawi zina imachepetsa njira mpaka chakudya kuvutika kudutsa. Zonse ziwiri zimakonda kuyamba munthu ali pakati pa zaka 15 ndi 35. Zonse ziwiri zimabuka ndi kugona, miyezi ina munthu nakhala bwinobwino, miyezi ina nagwidwa ndi chimbudzi cha magazi ndi chonanda, kuonda, kufooka ndi kutentha thupi. Ndipo sizipatsirana, ngakhale mutadyera mbale imodzi moyo wanu wonse. Akafukufuku anawerengera kuti mu 2017 anthu pafupifupi 6.8 miliyoni pa dziko lonse anali nazo. Sizisankha nkhope: Shinzo Abe anatula pansi udindo wa nduna yaikulu ya Japan mu 2020 chifukwa cha ulcerative colitis, ndipo okonda mpira akumbukira momwe Darren Fletcher wa Manchester United anasowera m'bwalo kwa nthawi yaitali kuyambira 2011 ndi nthenda yomweyo.

Kale madokotala ankati iyi ndi nthenda ya Azungu, ndipo anali ndi chifukwa chonenera tero. Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, amenenso mu 1961 anadutsa m'Nyasaland muno pa ulendo wake wautali woyendera zipatala pofufuza khansa ya ana imene lero imatchedwa ndi dzina lake, anadabwa kuona kuti matenda a thumbo lalikulu amene anadzaza zipatala za ku Britain sankaonekaoneka pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa. Ndipo m'zaka za m'ma 1970 analalikira ponseponse kuti chinsinsi chili m'mbale, kuti munthu wodya chimanga chosakonola, nyemba, masamba ndi mbatata amapatsa matumbo ake chimene analengedwera, pamene wodya ufa woyeretsa, shuga ndi mafuta amawamana. Tivomereze kuti mbali ina ya kusaoneka kwa nthendayi kunali kusowa kwa zida zoionera, pakuti chimene diso silinaone buku silinalembe. Komabe zotsatira zaonetsa kuti mkuluyo sanalakwe potilozera ku mbale. Mu 2017 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasonkhanitsa kafukufuku wa maiko ambiri n'kupeza kuti, pamene ku North America ndi maiko ambiri a ku Ulaya nthendayi yafika pogwira anthu oposa atatu mwa 1,000 alionse, ikukwera mofulumira m'maiko a ku Asia, South America ndi Africa amene mizinda yake ikukula ndipo kadyedwe kake kakusintha.

Tsono ngati alipo malo m'Malawi muno pamene kusintha kumeneku kukuoneka ndi maso, ndi mu likulu lino, limene linali tauni yaing'ono ya malonda ndi fodya kufikira boma litasamukira kuno kuchoka ku Zomba mu 1975. Munthu amene anakulira pa nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera lero amadzukira buledi woyera ndi tiyi wa shuga wambiri. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana ku City Centre, taimani pafupi ndi chiwaya muone mzere wa abambo a mataye ndi amayi a m'maofesi, aliyense atagwira kajumbo ka tchipisi chokazingidwa m'mafuta amene akhala pamoto chiyambire m'mawa, kachidutswa ka soseji pamwamba, botolo la chakumwa chotsekemera m'dzanja linalo. Ndipo madzulo ku Area 3 kapena Area 9 ana amatsegula furiji n'kukhuta mabisiketi ndi nyama zogayagaya za m'mapaketi nsima isanapse. Mgaiwa tinaupatsa dzina la umphawi, madeya tinasiyira nkhuku, pamene ku msika wa Lizulu, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, milu ya bonongwe, chisoso ndi khwanya imafota ndi dzuwa podikira ogula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2021 magazini ya BMJ inafalitsa kafukufuku amene anatsata anthu oposa 116,000 m'maiko 21, ena a mu Africa ali momwemo, napeza kuti amene ankadya zakudya zopangidwa m'mafakitale kasanu kapena kuposa patsiku anali ndi chiopsezo chokwera ndi 82 peresenti poyerekeza ndi amene sankafika n'kamodzi komwe patsiku. Akatswiri amafotokoza kuti m'thumbo lalikulu mumakhala tizilombo tabwino tosawerengeka, timene chakudya chake ndi gaga, makoko a nyemba ndi ulusi wa masamba. Tikapeza zimenezi timatulutsa zinthu zodyetsa ndi kuteteza khoma la thumbolo, koma tikamanidwa timachepa, khomalo nilitsala pambalambanda.

Koma pano ndiyenera kuletsa wowerenga amene wayamba kale kuloza chala. Kadyedwe ka mtundu wonse kakasintha, nthenda imachuluka pakati pa mtunduwo. Izi sizitanthauza kuti munthu uyu amene wagona pa bedi anadzidwalitsa yekha ndi kususuka. Pali za kumtundu zimene munthu amabadwa nazo, pali mankhwala opha tizilombo amene timamwa mwachisawawa, pali fodya, ndipo alipo amene anakula pa mgaiwa weniweni nadwalabe. Mu Uthenga Wabwino, pamene ophunzira anafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu wina abadwe wosaona, Ambuye anakana kuloza munthu, nafenso tikane. Chakudya chokha sichinamudwalitse, ndipo chakudya chokha sichingamuchize. Pa kusamvetsa mfundo ziwirizi m'pamene pachokera masautso ambiri amene odwala athu akukumana nawo m'nyumba zawo zomwe.

Taonani momwe wodwala wotere amadyera pamene alibe womulangiza bwino. Tiyerekeze ndi mayi wogwira ntchito ku Capital Hill, wokhala ku Area 47. M'mawa salawa kanthu, ngakhale tiyi, chifukwa adziwa kuti chakudya chikangolowa matumbo amadzuka, ndipo pamsewu wothinana magalimoto palibe poima. Amadziwa pamtima chimbudzi chilichonse pakati pa nyumba yake ndi ofesi, cha pamalo omwetsera mafuta, cha m'sitolo yaikulu, ndipo m'chikwama chake simusowa pepala lofewa, kasopo ndi chitenje chapadera. Kukakhala msonkhano kuhotela, anzake akamaunjika mpunga, nkhuku ndi saladi, iye amatenga kambatata kamodzi n'kumakatembenuza ndi foloko kufikira nthawi ithe, ndipo wina akafunsa amangoti, “Ndadya kale, zikomo.” Dzuwa limalowa ali ndi madzi okha m'mimba. Usiku, atafika pakhomo pamene chimbudzi chili pafupi, njala imamugonjetsa, nadya mitanda itatu nthawi imodzi. Matumbo otupa aja, polemedwa mwadzidzidzi, amamudzutsa usiku wonse, ndipo kukacha amatsimikiza mumtima kuti chakudya ndiye mdani wake. Ku ukwati sapita, ku chinkhoswe amangotumiza envelopu, kumaliro amakhala kumbuyo n'kuzemba nsima isanafike. Achibale amati ntchito yamunyaditsa.

Kenaka amafika alangizi. Apongozi amati asiye nyemba; mnzake wa kuntchito amati asiye mkaka ndi mazira; mchemwali wake wa ku Johannesburg amatumiza uthenga pa WhatsApp wakuti tirigu ndi chimanga ndi poizoni; amayi a kumpingo amati nyama, tomato ndi mafuta zichoke; ndipo aliyense wa iwo, polankhula mwa chikondi chenicheni, amachotsa chinthu chimodzi m'mbale osabwezerapo kanthu, kufikira mbaleyo itatsala ndi phala lamadzi lopanda n'nsinjiro zomwe. Apa m'pamene pagona ngozi imene ambiri saiona. Munthu amene thumbo lake lili ndi zilonda amataya magazi ndi zomanga thupi tsiku ndi tsiku, ndipo kuti zilondazo zipole amafunika nsomba, mazira ndi nyama zoposa za munthu wathanzi. Kumuchepetsera chakudya pa nthawi yotere kuli ngati kulanda njerwa munthu amene khoma la nyumba yake likugwa. Magazi amachepa, minofu imatha, mwana sakula msinkhu, ndipo ngati tsiku lina pafunika opaleshoni, thupi lowonda limachedwa kupola. Pamenepo anthu amayamba kunong'onezana poona kuonda kwake, ena nati ndi kachilombo kaja, ena nati anamudyetsa kuntchito chifukwa cha mpando. Wodwala namva zonsezi, nadzitsekera m'nyumba.

Chifukwa chake ndinena kuti nkhani ya zakudya isayambe nthenda isanadziwike. M'dziko lathu chimbudzi cha magazi chili ndi magwero ambiri: kamwazi, likodzo la m'matumbo, tizilombo todza ndi madzi oipa, matenda olowa pamene chitetezo chatsika, khansa, ndiponso chifuwa chachikulu cha m'matumbo, chimene chimafanana kwambiri ndi nthenda ya Crohn kotero kuti chimazunguza ngakhale akatswiri; ndipo kusiyanitsa kumeneku ndi nkhani ya moyo ndi imfa, pakuti mankhwala otsitsa chitetezo amene amathandiza wodwala Crohn angathe kukolezera TB. Ife amene tinaona kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe ali pakati pa maboma okhudzidwa koposa, tinazolowera kuganiza kuti kutsegula m'mimba kulikonse n'kwa uve. Motero munthu amangogula Flagyl kufamase mwezi ndi mwezi, chaka nichitha, china nichitha, osapimidwa. Safunsa anadya phula. Aliyense amene watsegula m'mimba kupitirira milungu inayi, kapena akuona magazi mobwerezabwereza, akuonda, akudzuka usiku kupita kuseri, apite kuchipatala akapemphe kuti chimbudzi ndi magazi ziyezedwe, ndipo ngati dokotala aona kufunika, aunikidwe m'matumbo ndi kachipangizo ka kamera, patengedwenso kanyama kakang'ono kokayeza. Pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central pali labotale yoyeza tinyama totere, imene inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi yunivesite ya North Carolina. Njira ilipo, ngakhale mizere yake ndi yaitali.

Nthenda ikadziwika ndipo mankhwala ayambika, pamenepo chakudya chimasanduka mthandizi wamphamvu. Koma malamulo ake ndi a nyengo ziwiri, ndipo cholakwa chathu chachikulu ndi kusakaniza nyengozo. Pa masiku amene nthenda yabuka, matumbo amafuna zofewa, zapang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku m'malo mwa mitanda ikuluikulu kawiri. Apa ufa woyera uja umapeza ntchito yake: nsima yofewa, phala lothira dzira kapena nsinjiro zosalala, mpunga wophika kwambiri, mbatata ndi maungu zosenda n'kupota, nthochi yakupsa, papaya, peyala, chambo chowiritsa chochotsa minga, nkhuku yophika yosakazinga. Madzi amwedwe ambiri, ndipo kutsegula kukakula, wodwala amwe madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi aja timapatsa ana, pakuti sanapangidwire ana okha. Zimene zimapweteka ambiri pa nyengoyi ndi tsabola wa kambuzi, mowa, khofi, zakumwa za gasi, kanyenya ndi zokazinga za pachiwaya. Ndipo amene dokotala wamuuza kuti thumbo lake linachepa njira asamale koposa ndi chimanga chokazinga, mbuliwuli, mtedza wosasinja, makoko a nyemba, timitengo ta masamba ndi ulusi wa mango, chifukwa zimenezi zingathe kutseka njira n'kumugoneka pa tebulo la opaleshoni. Kwa ana odwala Crohn, madokotala a maiko ambiri amayamba ndi chakudya chamadzi chapadera, chokhachokha, kwa milungu 6 kufikira 8, ndipo chimaziziritsa matumbo monga amachitira mankhwala amphamvu. Umenewu ndi umboni wakuti chakudya chili ndi mphamvu ndithu chikakhala m'manja mwa odziwa, koma si chinthu choyeserera pakhomo ndi phala.

Nthenda ikagona, mbale iyenera kudzazidwanso, ndipo apa m'pamene ambiri amatsalira, pakuti mantha a masiku oipa amawamangirira pa phala kwa zaka. Unduna wa Zaumoyo wakhala ukutiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo wodwala matumbo sanachotsedwe m'chiphunzitso chimenecho. Abwezere chimodzichimodzi, pang'ono poyamba: nkhwani wosadzula bwino wophika mpaka kufewa, chipere cha nyemba zochotsa makoko, therere, futali, kenaka mgaiwa wosakaniza ndi ufa woyera. Mu 2024 bungwe la akatswiri a matumbo ku America linalangiza kuti odwala amenewa, ngati palibe choletsa, azidya monga amadyera anthu a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ndiko kunena kuti masamba, zipatso, nyemba, nsomba ndi mafuta abwino, nachepetse shuga, nyama yofiira ndi za m'mafakitale. Ndipo ine powerenga malangizo amenewa ndiona mbale ya agogo athu, ya usipa, nsinjiro, nandolo ndi masamba, imene zonse zake zimapezeka pa msika waukulu wa ku Old Town. Za mkaka, n'zoona kuti akuluakulu ambiri a mu Africa muno sagaya bwino shuga wa mu mkaka, odwala ndi athanzi omwe. Koma ambiri amene mkaka umawatupitsa mimba amapeza kuti chambiko ndi yogati zimawayanja, ndipo amene zonsezi zamukana asaiwale usipa ndi matemba zodyera pamodzi ndi minga yake, chifukwa mankhwala a prednisolone akamwedwa nthawi yaitali amafooketsa mafupa. Kuchepa kwa magazi kuyezedwe ndi kuchizidwa kuchipatala, osangodalira madzi a chidede ndi masamba a mapeyala. Ndipo amene nthenda inagwira kumapeto kwa thumbo laling'ono, kapena anadulidwa mbali imeneyo, angafunike jakisoni wa vitamini B12, pakuti pamenepo m'pamene vitaminiyu amalowera m'thupi.

Palibe mndandanda umodzi wa zakudya zoletsedwa woyenera odwala onse. Chimene chapweteka uyu chimamuyanja uyo. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo ndi yemweyo amene angadziwe chimene chamupweteka. Wodwala agule kope la ana asukulu, azilembamo chimene wadya, nthawi yake, ndi chimene chatsatira. Chakudya chimene akuchikayikira achisiye kwa kanthawi, achiyesenso pang'ono pamene matumbo ali pa mtendere, ndipo asachitaye kotheratu pokhapokha chitamupweteka kawiri katatu. Kope limenelo apite nalo kwa dokotala ndi kwa katswiri wa zakudya za odwala. Tithokoze kuti akatswiri otere ayamba kuphunzitsidwa m'dziko mwathu momwe, ku koleji ya Bunda ya LUANAR ndi ku yunivesite ya KUHeS. Kwa iwo, osati ku gulu la pa WhatsApp, n'kumene mbale ya wodwala iyenera kukakambidwa. Ndipo pamene tikulimbana ndi nyemba ndi tomato, adani awiri enieni timawasiya akudutsa pakhomo: mankhwala opha ululu a mtundu wa bufeni, amene timagula pa hokala iliyonse koma angathe kudzutsa nthenda imene inagona, ndi fodya, amene amakuza nthenda ya Crohn n'kuchulukitsa maopaleshoni. Mumzinda umene wadyera fodya wa ku Kanengo kwa zaka zambiri mawu awa ndi owawa, koma ndi oona.

Kwa amalonda amene amadyera pa masautso amenewa ndilibe mawu ofewa. Yendani mu msewu wa Malangalanga kapena pafupi ndi depoti ya mabasi, mudzamva za botolo limodzi lochiza zilonda za m'mimba, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kusabereka. Lowani m'nyumba za mipanda, mudzapeza malonda omwewo atavala suti, timabotolo ta ufa ndi tiyi wochokera kunja, wogulitsidwa ndi mnzanu wa kumpingo pa mtengo umene mlonda wa pageti sangaulote. Mankhwala amene amati ndi otsuka m'mimba kawirikawiri ntchito yake ndi kutsegulitsa, ndipo kumwetsa zotere munthu amene thumbo lake likuchucha kale magazi ndi nkhanza, ngakhale wogulitsayo atakhala kuti sadziwa. Choipa koposa n'chakuti ena amauza wodwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala. Uthenga Wabwino umatiuza za mayi amene anataya mwazi zaka 12, natha chuma chake chonse kwa asing'anga osapeza bwino. Abale ake a mayi ameneyo ali pakati pathu, ndipo bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA lili ndi udindo wowateteza. Kutupa kosazimitsidwa kungathe kuboola thumbo, ndipo kukakhala zaka zambiri kumakweza chiopsezo cha khansa. Palibe tiyi kapena muzu umene waonetsedwa kuti ungalowe m'malo mwa mankhwala oletsa zimenezi.

Nanga ife athanzi, eni nyumba ndi eni maphwando, tichitenji? Mlendo akati, “Pepani mayi, ndidya pang'ono pokha,” musamuyankhe kuti wanyoza ndiwo zanu, ndipo musamufunse pagulu chimene chikumuvuta. Mumufunse pambali chimene chimamuyanja, ulendo wina mumuphikire chimenecho, ndipo mumulozere mwakachetechete kumene kuli chimbudzi iye asanafunse. M'nyumba zimene muli wophika wolembedwa ntchito, mayi wa pakhomo akhale naye pansi kuti kapoto ka wodwala kazipatulidwa tsabola ndi mafuta zisanathiridwe. Koma wodwalayo adyere pa tebulo limodzi ndi banja lonse, pakuti kudya wekha kuchipinda ndi nthenda inanso. Abusa, ansembe ndi mashehe anene poyera, nyengo ya kusala kudya ikafika, kuti wodwala wotere sachimwa akadya ndi kumwa mankhwala ake pa nthawi yake. Mabwana a m'maofesi amulole kutuluka mumsonkhano popanda kufotokoza, amulole kudya kangapo pa desiki, ndipo kiyi wa chimbudzi asakhale m'kabati ya munthu mmodzi. A khonsolo ya mzinda nawonso akumbukire kuti chimbudzi chaukhondo pamsika ndi padepoti n'chimene chingalole munthu wotere kudya m'mawa asananyamuke.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo pempho langa ndi ili. Wokhala ku Area 43 akadwala angathe kukwera ndege kupita ku India kapena ku South Africa. Koma mlonda wa pageti pake, wochokera ku Kauma, ndi mtsikana wochapa zovala ku Area 47, wogona ku Mtandire, akudya tchipisi chomwecho ndi kumwa zakumwa zomwezo, ndipo iwo alibe kothawira. Chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala ogula kufamase akhala katundu wosasenzeka kwa anthu wamba. Sulfasalazine ndi azathioprine ndi mankhwala akale, ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Apezeke mosadukiza m'zipatala zikuluzikulu za boma. Madokotala aang'ono ndi anamwino a ku Bwaila, ku Kawale, ku Area 18 ndi ku Area 25 apatsidwe maphunziro ndi njira yotumizira msanga wodwala amene wabwera kachitatu ndi kamwazi kosamva mankhwala. Pakhale kaundula wa onse opezeka ndi nthendayi, pakhale katswiri wa zakudya pa kiliniki imene amaonedwera, ndipo pasindikizidwe kabuku ka m'Chichewa kofotokoza nyengo ziwiri zija ndi zakudya za pamsika wathu, kuti pofika pa 19 Meyi, tsiku limene dziko lapansi limakumbukira matendawa, kakhale kali m'manja mwa odwala. Ndipo inu owerenga amene muli ndi m'bale amene wakhala akuonda ndi kukana nsima, musamutumizirenso mndandanda wa zoletsa. Mutengeni mupite naye kuchipatala sabata ino.